Wogulitsa akuti imathamanga ma knot 20: kodi trimaran imeneyi ndigule?

"Kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndakhala ku Southampton zaka zisanu ndi zinayi. Ndinaphunzira kuyendetsa boti la matanga ku kalabu ina konkuno ndipo ndili ndi setifiketi ya Day Skipper, yoyendetsera boti masana, ya bungwe la za maboti la RYA. Ndasunga kangachepe, ndiye ndikufuna kugula trimaran, boti la matanga la matupi atatu, yogwirapo kale ntchito kuti tiziyenda ndi mayi akunyumba ndi ana athu awiri. Ndapeza ziwiri. Ina ndi Corsair F-27 ya m'ma 1990, ili pa ngolo yake, ndipo mwiniwake akuti imafika ma knot 20, kutanthauza mailosi a panyanja 20 pa ola. Inayo ndi Searunner 31 yamatabwa imene munthu anakhoma yekha, mtengo wake sukufika ndi theka lomwe la yoyambayo. Anzanga a ku kalabu akundiopseza kuti maboti amenewa amagudubuzika. Ndingadziwe bwanji ngati boti limayendadi bwino, ndipo ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama? Komanso mumtima ndimalakalaka tsiku lina nditalitengera ku nyanja yathu."

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Zimene mukuganizazi ndi zanzeru ndithu. Ku Zanzibar ndi m'magombe a Tanzania asodzi akhala akuyenda mibadwomibadwo pa bwato lokhala ndi matabwa awiri oyandama m'mbali, ndipo kumeneko amalitcha ngalawa, mawu omwe aja timatchulira ife chombo cha panyanja. Trimaran ndi nzeru yomweyo, kungoti zipangizo zake n'zamakono. Ine ndinayambira pa timaboti ta matupi awiri kunyanja kwathu, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri ntchito yanga yakhala yokonza ndi kuyeza maboti a mtundu umenewu. Mwandifunsa mafunso awiri, lakuti boti limathamanga bwanji ndi lakuti likadali lolimba kapena ayi, koma pa trimaran mafunso awiriwa amakumana pamalo amodzi: botilo likulemera bwanji lero, osati tsiku limene linatuluka m'fakitale.

Ndiyambe ndi chifukwa chake. Maboti amene munaphunzirirapo ku kalabu ali ndi chitsulo kapena mtovu pansi, ndipo nthawi zambiri chimenecho chokha chimakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa boti lonse, kapena kuposa. Ndicho chimaliimika mphepo ikalikankha. Trimaran ilibe mtovu. Chimene chimaiimika ndi kutambalala kwake, timaboti tiwiri ta m'mbali tija ndi mitanda imene imatilumikiza ku thupi lapakati. Popeza sinyamula mtovu imakhala yopepuka, ndipo popeza sidalira mimba yaikulu kuti iime, thupi lake lapakati limakhala lowonda ngati mpeni. Boti lonenepa likamayenda limakumba funde lakelake, ndipo likafika pa liwiro lina limakanika kukwera funde limenelo. Masamu ake ndi osavuta: tengani square root ya kutalika kwa boti pamene lakhudza madzi, m'mamita, muchulukitse ndi 2.43. Boti la mamita 8 limathera pa ma knot 7 osakwana bwino. Thupi lowonda, limene kutalika kwake kumaposa mulifupi mwake kasanu ndi katatu kapena kuposa, silikumba funde lalikulu, motero limadutsa malire amenewa mosavuta. Liwiro lonse la trimaran lagona pamenepa.

Koma thupi lowonda lomwelo silidziwa kusenza katundu. Mukaika makilogalamu 300 m'boti lonenepa la matani asanu, silimvako n'komwe. Mukaika makilogalamu omwewo mu F-27 yolemera pafupifupi makilogalamu 1,200, mwawonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi. Kumbuyo kumamira n'kumakoka madzi, mitanda imayandikira mafunde n'kumamenyedwa, ndipo boti limene linali ngati mphamba limasanduka bakha.

Pali nambala ina imene anthu a maboti a matupi awiri ndi atatu amakonda, amaitcha Bruce number. Mumatenga square root ya kukula kwa matanga mu ma square feet, n'kugawa ndi cube root ya kulemera kwa boti mu ma pound. Ikakhala cha pa 1.0 ndiye kuti boti ndi lolemera ndipo lidzafuna mphepo yambiri kuti lidzuke, ikamayandikira 1.5 ndi lochangamuka. Maboti a mpikisano amapitirira 2. F-27 ili ndi matanga pafupifupi ma square feet 450, ndipo yopanda kanthu imalemera pafupifupi ma pound 2,600. Nambala yake imatuluka 1.54. Tsopano kwerani inu, mayi ndi ana awiri, onjezerani madzi akumwa, petulo, nangula ndi tcheni chake, mabatire, mbaula, mapoto ndi kamba wa masiku atatu. Tinene kuti zonsezi zakwana makilogalamu 450, amene ndi ma pound pafupifupi 1,000. Nambala ija yatsika kufika pa 1.38. Likadali boti labwino, lidzawasiyabe anzanu a ku kalabu m'mbuyo, koma si boti lija la m'kabuku ka wogulitsa. Masamu awa muziwachita ndi kulemera kwenikweni nthawi zonse. Ndipo nambalayi ili ndi malire ake: singakuuzeni kanthu za maonekedwe a thupi la boti, za ukalamba wa matanga, kapena za mmene boti limachitira m'mafunde. Imangokuuzani ngati hatchi ndi yaikulu poyerekeza ndi ngolo.

Za ma knot 20 zija, mwiniwakeyo mwina sakunama. F-27 yopepuka, pamadzi osalala, mphepo yamphamvu ikuwomba cham'mbali, anthu awiri odziwa ntchito atakhala pa kaboti ka kumphepo, ingathe kufika pamenepo kwa kanthawi. Koma GPS imasunga liwiro la sekondi imodzi yokha yapamwamba, mwina potsetsereka pa funde, ndipo ndi nambala imeneyo imene anthu amakamba ku bala. Inu mukhala ndi ana. Pa liwiro limenelo madzi amawaza ngati payipi yozimitsira moto, chiwongolero simungachisiye ngakhale pang'ono, ndipo palibe amene angawiritse tiyi. Funso loti mumufunse ndi ili: ulendo wautali umene munayendapo unali wa mailosi angati, ndipo unatenga maola angati kuchokera ponyamuka mpaka pomangirira? Ngati ali ndi buku lolembamo maulendo, pemphani mulione. Kuchokera ku Needles, pa chilumba cha Isle of Wight, kukafika ku Cherbourg ku France ndi pafupifupi mailosi a panyanja 60. Boti lothamanga ma knot 5 tsiku lonse litenga maola 12. Lothamanga ma knot 7 kapena 8 litenga pafupifupi maola asanu ndi atatu, mufika kukadali kowala ana asanatope. Phindu lenileni la trimaran kwa munthu wa banja ndi limeneli, pamodzi ndi lina limene anthu salitchula kawirikawiri: tsiku la kamphepo kayaziyazi, pamene ena onse aliza injini, inu mumayendabe ndi matanga.

Musagule osaliyesa pamadzi, ndipo poyesapo musalole kuti mwiniwake angokuyendetsani mphepo ili cham'mbali, chifukwa pamenepo ngakhale chitseko chitapatsidwa thanga chingathamange. Boti limaonekera polimbana ndi mphepo. Lozetsani kumene mphepo ikuchokera mmene lingathere, lembani nambala ya pa kampasi ndi liwiro, tembenukani mudutse mphepo, lembaninso. Kusiyana kwa manambala awiri a kampasiwo mukakugawa pawiri ndiye ngodya imene boti likuyenda nayo ndi mphepo. Chofunika si liwiro lokha kapena ngodya yokha, koma mmene mukuyandikirira kumene mukupita, chimene amachitcha VMG. Boti la ma knot 6 pa madigiri 45 likuyandikira ndi ma knot 4.2. Trimaran ya ma knot 8 pa madigiri 55 ikuyandikira ndi 4.6, ndiye yapambana ngakhale ikuoneka ngati ikulambalala. Koma trimaran yomweyo matanga ake atatha, ikuyenda ma knot 7 pa madigiri 60, ikuyandikira ndi 3.5 yokha, ndipo boti lamtovu lija lifika kale. Kumbukiraninso kuti muli mu Solent, mpata wa nyanja wa pafupi ndi Southampton, mmene madzi amakoka kwambiri. Pa Hurst, pamene mpatawu wapapatiza, amatha kupitirira ma knot 4 nthawi ya madzi aakulu. GPS imaonetsa liwiro lanu poyerekeza ndi nthaka, choncho yendani njira imodzi, bwererani njira yomweyo, muphatikize manambala awiriwo n'kugawa pawiri. Onaninso ngati boti likutembenuka lokha bwinobwino kapena likuima pakati pa mphepo n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, ngati chiwongolero chikulimbana ndi dzanja lanu, ndi ngati kumbuyo kukutuluka madzi osalala kapena akuwira ngati mphika.

Matanga musawaone ngati nkhani yaing'ono. Thanga la nsalu ya Dacron limatha kukhala lopanda chibowo chilichonse koma litataya maonekedwe kalekale, mimba yake itathawira kumbuyo. Pa boti lothamanga thanga lotere limangokankhira boti m'mbali ndi kumiza kaboti ka kunsi kwa mphepo. Gonani chagada pansi pa thanga lalikulu muyang'ane m'mwamba: pozama pake payenera kukhala chakutsogolo, osapitirira pakati. Ngati papitirira, funsani wosoka matanga mtengo wa atsopano musanayambe kunenerera.

Tsopano za kugudubuzika, ndipo apa sindikubisirani kanthu. Anzanu akunena zoona pa mfundo imodzi: trimaran ikagadabuka sidzuka yokha. Boti lamtovu likagwetsedwa nthawi zambiri limadzukanso, koma likabowoka limamira. Trimaran yomangidwa ndi foam kapena matabwa kawirikawiri imayandamabe ngakhale itagadabuka. Mbiri yoipa ija inayamba m'ma 1960, pamene Arthur Piver wa ku California ankagulitsa mapulani kwa anthu ambirimbiri amene anakhoma maboti kuseri kwa nyumba zawo, ena mwaluso, ena mosadziwa, ndipo Piver mwiniwakeyo anasowa panyanja mu 1968. Maboti amene anabwera pambuyo pake anakonzedwa zambiri, komabe lamulo la mphepo silinasinthe. Mphamvu ya mphepo pa thanga sikwera mofanana ndi liwiro lake: mphepo ikachoka pa ma knot 15 kufika 21, mphamvu yawirikiza kawiri, ikafika 30, yawirikiza kanayi. Boti lamtovu limakuchenjezani popendekeka kwambiri n'kutaya mphepo. Trimaran imangopendekeka pang'ono, mphamvu yonse n'kuisandutsa liwiro, ndiye munthu wozolowera maboti enawo amaganiza kuti zonse zili bwino. Chenjezo lake lili pa kaboti ka kunsi kwa mphepo: mukaona mphuno yake ikuyamba kulowa pansi pa madzi, mwachedwa kale kuchepetsa thanga. Muzichepetsa molingana ndi mphepo ya mkuntho imene ikubwera mwa apo ndi apo, osati imene ikuwomba nthawi zonse, ndipo chingwe cha thanga lalikulu chizikhala m'manja kapena pamalo poti muchimasule ndi kukoka kumodzi.

Choopsa kwambiri chimabwera pamene mtima uli pansi, mphepo ili kumbuyo. Tinene kuti ikuwomba ma knot 20 ndipo inu mukuthawa nayo pa ma knot 12. Pankhope mukungomva ma knot 8, kunja kukuoneka kwabata, ana akuseka. Ndiye mphuno za boti zilowe m'funde lakutsogolo, boti liime mwadzidzidzi. Mphepo ya pa thanga yadumpha kuchoka pa 8 kufika 20, mphamvu yake yawirikiza kasanu ndi kamodzi, pa nthawi yomwe mphuno zili kale pansi pa madzi. Maboti ambiri amene anagadabuka anapita chamutu motere. Setifiketi yanu ya Day Skipper ndi maziko abwino, koma siinakuphunzitseni zimenezi. Musanatenge banja, lipirani mlangizi wodziwa maboti a matupi angapo masiku awiri kapena atatu pa boti lanu lomwelo, kapena funsani a MOCRA, bungwe la eni maboti otere, ngati pali amene akufuna wothandiza pa boti lake.

Tibwere ku F-27 ija. Anaijambula ndi Ian Farrier, ndipo kampani ya Corsair Marine inkaipanga ku California kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 mpaka 1997. Anapanga oposa 400. Ndi yotalika mamita 8.25, yotambalala pafupifupi mamita 5.8, ndipo timaboti ta m'mbali tikapindidwa imatsala pafupifupi mamita 2.5. Mwayi wanu waukulu ndi woti ili pa ngolo. Gwirizanani ndi mwiniwake mutulutse katundu yense wotuluka, mupite nayo pa sikelo yoyezera malole, ndipo tsiku limene mukaiike pamadzi mukayezenso ngolo yokha. Palibe ndalama imene mudzawononge mwaphindu kuposa imeneyi. Boti lakale lililonse limanenepako chifukwa cha penti, mabatire ndi zowonjezera za eni ake, ndiye kupitirirako pang'ono si kodabwitsa. Koma ngati lapitirira ndi makilogalamu mazana angapo ndipo mwiniwake sangakuonetseni kumene kulemerako kwachokera, ganizani za madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo madzi amabisala.

Makoma a boti lotere ali ngati sangweji: faiba kunja, faiba m'kati, pakati foam yolimba. Mphamvu yake imadalira kuti zitatuzo zikhale zomatana. Paliponse pamene munthu anaboola kuti amange chitsulo osamata bwino, madzi amalowa, ndipo pakapita zaka khungu limasiyana ndi foam. Tengani kahamala kapulasitiki mugogode pang'onopang'ono pamwamba ponse. Pabwino pamalira kuti "ke ke", powonongeka pamalira mogonthera ngati dzungu. Yendani opanda nsapato mumve ngati pali pamene pakubonyoka. Tsekulani zivundikiro zonse za timaboti ta m'mbali, lowetsani tochi ndi foni mujambule makoma a m'kati, makamaka pamene mitanda yakumana ndi kaboti. Madzi pang'ono a thukuta amapezeka, koma alaweni: ngati ndi amchere, pali polowera. Kenaka pindani ndi kutambasula botilo kangapo ndi manja anu. Mitanda iyenera kukhala pamalo pake popanda kuikakamiza, mabawuti ake alowe osalimbana nawo. Yang'anani zitsulo za aluminiyamu zopindira zija ngati zili ndi ufa woyera, ming'alu kapena mabowo amene akula, ndipo lowani m'kati muone pamene zitsulozo zamangiriridwa ku thupi lapakati. Timizere tating'ono pa penti ya kunja si toopsa nthawi zonse, koma mng'alu umene umatseguka ndi kutsekeka wina akamagwedeza kaboti ka m'mbali ndi nkhani ina. Pamenepo imani, muitane katswiri.

Malo ena amene ndimathera nthawi ndi m'chimake cha daggerboard, thabwa lija limatsikira pansi pa boti kuti lisamatsetserekere m'mbali. Boti lothamanga likagunda mchenga kapena mwala, thabwalo limamenya kumbuyo kwa chimake, ndipo mng'alu wa pamenepo uli pansi pa madzi. Solent ili ndi michenga yambiri, Bramble Bank ili pakati penipeni, choncho funsani mosapita m'mbali ngati linagundapo. Tulutsani thabwalo mulinyamule; ngati likulemera modabwitsa kapena likudontha madzi, lamwa. Mawaya ogwira mlongoti ngati apitirira zaka khumi, a inshuwalansi ambiri adzafuna kuti asinthidwe, ndipo pa trimaran amavutika kwambiri chifukwa boti silipendekeka kuti liwapumuze. Maukonde a pakati pa matupi amadyedwa ndi dzuwa, makamaka ulusi wosokera, ndipo ndi pamenepo ana anu azidzasewera. Pondanipo mwamphamvu boti lili kumtunda.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine, chifukwa ndi zimene zinandiphunzitsa sikelo. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi ndinathandiza mnzanga kugula trimaran yopakidwa penti yatsopano, yowala ngati galasi. Tinaiyesa tsiku la mphepo yabwino, inathamanga, tinakondwa. Patapita milungu ingapo tinaona kuti ikakhala pa nangula imagonera mbali imodzi. M'mphuno mwa kaboti kakumanzere munali chipinda chotsekedwa chopanda chivundikiro, ndipo titaboola munatuluka madzi odzaza ndowa zingapo, khoma la m'kati litafewa. Mnzanga uja anataya chilimwe chonse ndi ndalama zimene anasungira sukulu ya mwana. Zinandipweteka kwambiri chifukwa anakhulupirira maso anga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kuyambira pamenepo penti yatsopano pa boti logulitsa imandichititsa kufunsa mafunso ambiri, osati ochepa.

Searunner 31 ndimailemekeza. Anaijambula Jim Brown wa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo iye mwini anayenda ndi banja lake pa boti la mtundu womwewo mpaka ku Central America. Woyendetsa amakhala pakati pa boti, malo otetezeka kwa ana, zipinda zili kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo imasenza katundu bwino kuposa F-27 ngakhale sithamanga ngati iyo. Vuto ndi loti simukugula dzina la Jim Brown, mukugula manja a munthu amene simukumudziwa, ndi plywood imene anasankha zaka makumi anayi kapena makumi asanu zapitazo. Akale ambiri anakutidwa ndi faiba ya polyester, imene simamatira bwino ku thabwa. Pakapita nthawi imasiyana nalo, madzi n'kukhala pakati. Omangidwa ndi epoxy kuyambira pachiyambi amakhalitsa kwambiri. Ndipo chimene chimaoletsa thabwa kwenikweni ndi madzi a mvula, osati a m'nyanja, ndiye yang'anani kuchokera pamwamba: m'mphepete mwa mawindo, pansi pa zitsulo zonse, m'makona mmene madzi amaima, m'chimake cha thabwa la pansi, ndi pamene mapiko kapena mitanda yalumikizana ndi matupi. Fungo la chinyezi mukangotsekula chitseko likuuzani zambiri. Mwiniwake akalola, kanikizani kasikuludiraiva pa nthiti za m'kati. Thabwa lamoyo limakana. Ngati ndinu mmisiri wa matabwa, muli ndi malo ogwirira ntchito ofoleredwa ndi zaka ziwiri zoti mupereke, boti lotere lingakupatseni chimwemwe chachikulu. Koma mwandiuza za ana awiri, ndipo ana sadikira kuti boti lithe kukonzedwa. Kwa inu, ndikadakhala ine, ndikadayamba ndi F-27, pokhapokha itakhoza mayeso a sikelo.

Pali ndalama zina zimene sizioneka pa mtengo wogulira. Searunner sipindika ngati F-27, ndipo madoko ambiri a kumwera kwa England amalipiritsa mowonjezera boti lotambalala, ena alibe n'komwe makina otha kulinyamula. F-27 imakhala pa ngolo, koma mukaisunga pamadzi itapindidwa, mbali za timaboti take zimagona m'madzi n'kumera ndere ndi nkhono. Maboti a Dragonfly a ku Denmark amapinda mwa njira ina, timaboti timabwerera m'mbuyo tili chiimire, ndipo ngati mukufuna kukhala pa doko chaka chonse ndi bwino muwaonenso amenewo. Ngolo nayo ndi galimoto: onani mabuleki, ma bearing, matayala ndi dzimbiri la m'kati mwa zitsulo. Ku Britain ngolo yopitirira makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki, mulifupi mwake isapitirire mamita 2.55, ndipo galimoto yanu ikhale yololedwa kukoka kulemera konseko. Imbirani a inshuwalansi musanagule, osati mutagula, chifukwa ena amakana boti lamatabwa lokhoma munthu payekha. Pa mapepala, funani makalata osonyeza mmene boti lasinthira manja, umboni wa VAT, ndipo popeza F-27 inapangidwa ku America, funsani chaka chimene inalowa ku Ulaya. Ngati ndi pambuyo pa June 1998, payenera kukhala mapepala osonyeza kuti inakwaniritsa malamulo a maboti a kuno.

Zonse ndakuuzanizi ndi zokuthandizani kusankha boti loyenera kuitanira saveya, katswiri woyeza maboti, si zolowa m'malo mwake. Mukapeza limene mtima wagwa nalo, lembani mgwirizano wonena kuti kugula kudalira zotsatira za kuyeza ndi kuyesa pamadzi, ndipo saveya mumusankhe ndi kumulipira inu, osati wogulitsa. Mabungwe a masaveya a YDSA ndi IIMS ali ndi mayina a anthu ovomerezeka, koma mufunseni mwachindunji kuti ma trimaran opindika wayezapo angati, pakuti munthu angathe kukhala katswiri pa maboti amtovu koma osadziwa poyang'ana pa mitanda. Tsiku loyezalo mukakhalepo, muzimutsatira ndi kope. Wogulitsa akakana sikelo, akakana kuti boti lipindidwe pamaso panu, kapena akamakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni wina uja agule.

Za nyanja yathu, ndikumvetsa chifukwa inenso ndimailota. Boti losafuna madzi akuya, lotha kukwera pamchenga, n'loyenerera magombe a ku Nkhotakota ndi ku Chintheche, ndipo mpikisano wa maboti a matanga umene unayamba mu 1984, woyenda makilomita oposa 500 kuchokera kumwera kwa nyanja kupita kumpoto m'nyengo ya mwera, waonetsa kuti maboti a matupi angapo amayenda bwino kumeneko. Koma kontena ndi yopapatiza kuposa mamita 2.5, ndiye timaboti ta m'mbali ndi mitanda ziyenera kumasulidwa. Pamwamba pake pali ulendo wochokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndi msonkho wa MRA umene muyenera kufunsiratu. Madzi opanda mchere sanyamula ngati a mchere, choncho boti lidzakhala pansi pang'ono kuposa mmene mwalizolowerera. Ndipo inu wa ku Nkhotakota simufuna kuuzidwa za mwera: mafunde ake ndi aafupi, otsatizana, otsetsereka, mtundu womwe uja umamiza mphuno za boti. Sitima ya Vipya inamira mu July 1946 ndi anthu oposa zana, ndipo inali yachitsulo. Kumeneko kulibe maboti opulumutsa ngati a RNLI a ku Britain oti afike pa mphindi makumi awiri, ndipo bawuti ya mtanda ikathyoka mudzaidikira kuchokera kunja. Yendani kaye zaka zitatu kapena zinayi kuno, mulidziwe boti lanu mpaka muzimva kulira kwake kukasintha, nkhani ya kontena tidzakambe pamenepo.

Loweruka likubwerali tengani mayi ndi ana mukaone F-27 ija, ndipo ngati kukugwa mvula ndiye bwino kwambiri. Lowani nonse anayi m'kati, mutseke chitseko, mukhalemo maola awiri. Munthu wamkulu saima mowongoka bwino m'menemo pokhapokha denga la pakhomo litakwezedwa, pophikira ndi pang'ono, ndipo chimbudzi ndi choti banja ligwirizane. Mvetserani zimene mayi anene potuluka. Akavomera, konzani za sikelo, ndipo munditumizire manambala atatu: kulemera kwa boti lopanda katundu, chaka chimene mawaya a mlongoti anasinthidwa, ndi manambala a kampasi a mbali ziwiri zija polimbana ndi mphepo. Tidzawerengera limodzi musanaitane saveya.